Kufewa kwa Maselo a Magazi ndi Mmene Kumapimidwira

Mwana wodwala malungo akafika ku chipatala, dokotala kapena namwino amayamba wamutambasula kadzanja ndi kumutsegula chikope cha m'munsi kuti aone ngati muli mofiira kapena mwayera. Pambuyo pake amamubaya chala natengako kadontho ka magazi. Makolo ambiri amadziwa kuti pamenepo a chipatala akufuna kuona zinthu ziwiri: ngati m'magazimo muli tizirombo ta malungo, ndiponso ngati magaziwo ali okwanira. Koma pali chinthu chachitatu chimene sichipimidwa pa chipatala cha kumudzi, ngakhale kuti moyo wa mwanayo umadalira kwambiri chimenecho. Chinthucho ndi kufewa kwa maselo ofiira a magazi.

Thumba losadzaza

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo ofiira ndiwo amapatsa magazi mtundu wake, ndipo ntchito yawo ndi kunyamula mpweya wa okosijeni kuchokera m'mapapo kupita nawo ku ziwalo zonse. M'kadontho ka magazi kofanana ndi mutu wa phini muli maselo otere pafupifupi 5 miliyoni. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo lililonse limakhala ndi moyo masiku 120 kapena cha pomwepo.

Kuti kuchepa kwake kumveke bwino, pafunika muyeso wina. Munthu atatenga milimita imodzi, kampata kakang'ono kwambiri ka pa rula ya mwana wa sukulu, naigawa m'zigawo 1,000, chigawo chimodzi chimatchedwa maikromita. Selo lofiira ndi lalikulu maikromita 8 kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Tsono vuto lili apa: mitsempha yaing'ono kwambiri imene imadyetsa ubongo, impso ndi minofu ili ina yopapatiza maikromita 5, ina kucheperapo. M'kapamba, chiwalo chija chili kumanzere pansi pa nthiti, muli timing'alu ta maikromita imodzi kapena ziwiri zokha. Selo liyenera kudutsa ponsepo, osati kamodzi, koma usana ndi usiku kwa miyezi inayi.

Limatha kutero chifukwa cha kapangidwe kake. Thumba la chimanga lodzaza mpaka pakamwa silingalowe pa khomo laling'ono la nkhokwe, koma thumba lofika theka munthu amalipinda, nalilowetsa mosavuta. Selo lofiira lili ngati thumba lachiwirili. Ndi lophwatalala, lolowa pakati mbali zonse ziwiri, ndipo khungu lake ndi lalikulu kuposa zimene zili m'kati. M'katimo mulibe chouma chilichonse, muli madzi okhaokha a himogulobini, chinthu chofiira chimene chimagwira okosijeni. Kunsi kwa khungulo kuli kaukonde kotamuka kamene kamabweza selo m'maonekedwe ake likangotuluka pothina. Chimodzi mwa zitatuzi chikaonongeka, selo limauma ndipo limayamba kutsakamira.

Munthu woyamba kuganizira zimenezi anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mu mzinda wa Delft ku Holland, amene ankadzipangira yekha timagalasi tokulitsa zinthu. Iye anafotokoza maselo ofiira a munthu mu 1674, ndipo chaka chotsatira analemba kuti pamene anali kudwala, timibulu ta magazi ake tinkaoneka touma, koma tinayamba kufewa iye atachira. Anaona ndi maso chabe. Panapita zaka zoposa 250 anthu asanapeze njira yabwino yoika nambala pa chimene iye anaona.

Kukoka, kuyamwa ndi kusefa

Mayi wogula mapeyala pa msika amakanikiza chipatso ndi chala. Mosazindikira, iye amayesa zinthu zitatu nthawi imodzi: mphamvu imene wakanikizira, kuzama kumene chala chalowa, ndiponso ngati pamalopo pabwerera atachotsa chala. Njira zonse zopimira kufewa kwa selo, ngakhale za makina odula chotani, zimafunsa mafunso atatu omwewa. Chovuta ndi kupeza chala chaching'ono mokwanira, ndi kugwira selolo popanda kulipha.

Mu 1950, ku Cambridge m'dziko la Britain, Francis Crick ndi Arthur Hughes anadyetsa maselo a nkhuku tizidutswa ta chitsulo, kenaka anatikoka ndi kutipotoza ndi maginito uku akujambula. Anapeza kuti m'kati mwa selo simuli ngati madzi, ndiponso simuli ngati mwala. Kachitsulo kankasuntha, maginito akachotsedwa kankabwerera pang'ono, osafika pamene kanali. Amene anatakasako therere angamvetse msanga khalidwe limeneli. Crick yemweyu ndiye anadzatchuka patapita zaka zitatu chifukwa cha ntchito yake pa DNA.

Njira imene yathandiza kwambiri pa maselo a magazi ndi ya kuyamwa. Anaiyambitsa ndi J. M. Mitchison ndi M. M. Swann mu 1954 poyesa mazira a kanyama kena ka m'nyanja ya mchere, ndipo mu 1964 R. P. Rand ndi A. C. Burton a ku Canada anaigwiritsa ntchito pa maselo ofiira a munthu. Wofufuza amatenga kapaipi ka galasi, nakatenthetsa pa moto ndi kukakoka mpaka kukamwa kwake kutachepa kufika maikromita imodzi kapena zitatu. Kapaipiko amakalumikiza ku kabotolo ka madzi kamene kamatha kukwezedwa ndi kutsitsidwa. Akuyang'ana pa maikulosikopu, amasendeza kukamwa kwa kapaipi mpaka kukhudza selo limodzi, ndipo amatsitsa kabotolo pang'ono. Madzi akamafuna kutsika amayamwa khungu la selo, khungulo nkulowa m'kapaipi ngati kalilime. Kutsika kwa kabotolo ndiyo mphamvu, kutalika kwa kalilimeko ndiko kufewa. Selo labwino limalowa ndi mphamvu yochepa kwambiri, ndipo likamasulidwa limabwerera mwakale sekondi isanathe. Njirayi ndi yolondola, koma ndi yofuna mtima wautali, pakuti munthu amapima selo limodzi pa nthawi, ndipo tsiku lonse lingathe atapima ochepa chabe.

Ena anasankha njira yachidule yofanana ndi kusefa ufa. Magazi amawathira pa kasefa ka timabowo ta maikromita 5 kapena 3, nawerenga nthawi imene atenge kuti adutse. Magazi a maselo ofewa amapita msanga, a maselo ouma amachedwa kapena kutseka sefayo. Mu 1971 Louis Miller ndi anzake ku America anaonetsa mwa njira yotere kuti maselo a anyani odwala mtundu wina wa malungo ankalephera kudutsa. Kuipa kwa sefa nkwakuti maselo ochepa ouma, ngakhale maselo oyera a magazi, angatseke mabowo, ndipo munthu angaganize kuti magazi onse ndi oipa.

Mu 1975, ku Paris, Marcel Bessis ndi Narla Mohandas anapanga makina otchedwa ektacytometer. Kadontho ka magazi amakasakaniza ndi madzi onanda ngati uchi, nawathira pakati pa makapu awiri, ina m'kati mwa inzake. Kapu imodzi ikamazungulira, madziwo amakoka maselo onse nthawi imodzi, monga mtsinje wothamanga umawongolera udzu wa m'mphepete mwake. Kuwala kwa laser kumapyoza pakati pa maselowo ndi kusiya chithunzi pa chinsalu. Maselo akakhala ouma chithunzicho chimatsala chobulungira, koma akatamuka chimatalika ngati dzira. Makinawa amapima maselo zikwizikwi m'mphindi zochepa, ndipo n'chifukwa chake anatha kuwatengera pafupi ndi bedi la wodwala.

Kuwala kogwira ngati zala

Anthu ambiri sangakhulupirire kuti kuwala kungagwire chinthu, komabe n'zoona. Arthur Ashkin wa ku Bell Laboratories ku America anaonetsa mu 1970 kuti kuwala kwa laser kumakankha tinthu ting'onoting'ono, ndipo mu 1986 iye ndi anzake anapeza kuti kuwalako kukasonkhanitsidwa pa kadontho kamodzi, kamkanda kakang'ono kamakodwa pomwepo, ndipo kuwala kukasuntha kamkandako kamatsatira. Ashkin analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi mu 2018, ali ndi zaka 96.

Popima selo lofiira, ofufuza amamata timikanda tiwiri ta galasi, kena mbali iyi kena mbali iyo. Kamodzi kamagwiridwa pa galasi la maikulosikopu, kenako kamagwiridwa ndi kuwala, ndipo amazitalikitsa pang'onopang'ono monga mnyamata amakokera mpira wa legeni. Popeza mphamvu ya kuwalako imadziwika, kutamuka kwa selo kumapereka nambala yeniyeni ya kufewa kwake.

Palinso makina ena, opangidwa mu 1986 ndi Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber, amene ali ndi kasingano kosongoka pa nsonga ya kachitsulo kopindika mosavuta. Kasinganoko kamafufuza pamwamba pa selo monga munthu wosaona amafufuzira njira ndi ndodo, ndipo kupindika kwa kachitsulo kumaonetsa kuuma kwa pamalopo. Ndi makina amenewa, ofufuza a ku Los Angeles anapeza mu 2007 kuti maselo a khansa otengedwa m'madzi a m'chifuwa cha odwala anali ofewa kwambiri kuposa maselo abwino. Mfundoyi isasokoneze munthu: selo limodzi la khansa lingakhale lofewa, koma chotupa chonse kawirikawiri chimamveka cholimba chifukwa cha minyewa imene imachizinga. Mayi wopeza chotupa cholimba m'bere ayenera kupita ku chipatala osazengereza. Njira zatsopano koposa zimathamangitsa maselo m'tingalande topapatiza uku kamera ikujambula. Gulu la Jochen Guck ku Dresden, m'dziko la Germany, linaonetsa mu 2015 makina otere opima maselo oposa 100 pa sekondi.

Njira zimenezi sizigwirizana nthawi zonse. Mu 2018 magulu angapo a akatswiri anapima mtundu umodzi wa maselo ndi njira zosiyanasiyana, ndipo mayankho awo anasiyana mpaka nthawi 1,000. Sikuti ena analakwitsa ayi. Njira ina imagwira khungu lokha, ina selo lonse, ina imakoka mwamsanga, ina pang'onopang'ono. Ndipo aliyense wosambira amadziwa kuti madzi omwewo amene amafewa dzanja likalowa mofatsa, amapweteka likawamenya mwamphamvu. Choncho nambala ya kufewa ili ndi phindu pokhapokha selo lodwala ndi selo labwino apimidwa mwa njira imodzi.

Zimene malungo amachita

Kachirombo ka malungo oopsa, kotchedwa Plasmodium falciparum, kamene kamayambitsa malungo ambiri m'Malawi muno, kamalowa m'selo lofiira ndi kukhalamo maola 48. Poyamba kamakhala kakang'ono kooneka ngati mphete. Kenaka kamakula, kamadya himogulobini, ndipo potsiriza kamagawikana kukhala tizirombo 20 kapena kupitirira, selo nkuphulika, tonseto nkukalowa m'maselo ena.

Pa nthawi yonseyi kachiromboko kamaononga zinthu zitatu zija. Thupi lake lenilenilo ndi chinthu cholimba m'kati mwa thumba limene munali madzi okha. Selo limatupa nkuyamba kubulungira, ngati thumba lodzaza. Ndiponso kachiromboko kamatumiza zinthu zake ku khungu la selo, zimene zimamanga kaukonde kaja kuti kasatamukenso. Kupima ndi kapaipi koyamwa ku London mu 1989 kunaonetsa kuti khungu la selo limanka liumirauma pamene kachirombo kakukula. Mu 2005 Subra Suresh wa ku America ndi anzake a ku Singapore anakoka maselo otere ndi kuwala, napeza kuti selo la kachirombo kokhwima lingaume mpaka nthawi 10 kuposa selo labwino. Mu 2007 anapezanso kuti pa kutentha kwa madigiri 41, kumene thupi la mwana wodwala kwambiri limafika, maselo a tizirombo tating'ono amauma koposa mmene amachitira pa kutentha kwa masiku onse.

Selo louma chotero silingapyole m'kapamba. Kapamba ndiye mlonda wa magazi: maselo okalamba ndi odwala amakodwa pa timing'alu take nawonongedwa. Pierre Buffet ndi anzake ku Paris anayendetsa magazi m'kapamba wa anthu amene anachotsedwa pa opaleshoni chifukwa cha matenda ena, ndipo mu 2008 anaonetsa kuti ngakhale maselo ena a tizirombo tating'ono amatsalira m'menemo. Ntchito ikachuluka kapamba amatupa, ndipo ndi chifukwa chake ana a m'madera a malungo ambiri amapezeka ndi chotupa kumanzere kwa mimba. Kutema mphini pamenepo sikuchotsa chilichonse. Kumangotaya magazi amene ali ochepa kale, ndi kutsegula khomo la matenda ena.

Kachiromboko kali ndi njira yothawira mlondayo. Kakafika cha pakati pa moyo wake, kamameretsa timatuza tomata pa khungu la selo, ndipo selolo limakakamira ku makoma a mitsempha yaing'ono ya mu ubongo, m'matumbo ndi m'nsengwa ya mayi woyembekezera. Silifikanso ku kapamba. Njira ya magazi imachepa, ndipo maselo ena ayenera kudzipanikiza kuti adutse pa mpata wotsalawo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza malungo a mu ubongo mu 1986, madokotala anaona mitsempha ya ubongo wa ana omwalira ndi nthendayi itadzaza maselo otere. Ku Blantyre komweko Susan Lewallen anafotokoza mu 1993 zizindikiro zooneka m'kati mwa diso la mwana wamoyo, mmene mitsempha ina imayera ndi kutaya timadontho ta magazi. Kubisala kumeneku kukutanthauza kuti kadontho ka pa chala kangaonetse tizirombo tochepa pamene mwana ali ndi tambirimbiri tobisika.

Chodabwitsa koposa chinapezeka ndi makina a makapu awiri aja. Arjen Dondorp ndi anzake anapima magazi a akuluakulu odwala malungo aakulu ku Thailand mu 1997, ndiponso a ana ku Kilifi m'dziko la Kenya mu 2002. Anapeza kuti amene maselo awo anali ouma kwambiri ndiwo ankamwalira kawirikawiri, ndipo kuumako sikunali kwa maselo a tizirombo okha: maselo opanda kachirombo nawonso anali atauma. Kapamba sasankha, amachotsa louma lililonse. Akatswiri ena anawerengera kuti pa selo limodzi lowonongedwa ndi kachirombo, enanso pafupifupi 8 opanda kachirombo amatayika. Ichi ndicho chifukwa mwana amatha kuyera manja m'masiku awiri kapena atatu okha. Ku Kilifi anaonanso kuti ana akapatsidwa magazi, kufewa kwa magazi awo kunkabwerera. Motero botolo la magazi limachita ntchito ziwiri: limawonjeza maselo, ndipo limabweretsa maselo otha kupyola pothina.

Phunziro la makina onsewa kwa kholo ndi la nthawi. Tizirombo timachuluka maola 48 aliwonse, ndipo mankhwala amathandiza koposa akapeza tidakali tating'ono, tisanakakamire. Mwana wotentha thupi ayenera kupimidwa tsiku lomwelo, pasanathe maola 24. Akapezeka ndi malungo, amwe LA kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndi chakudya kapena mkaka wa m'mawere, ndipo amalize onse ngakhale aoneke kuti wachira. Mwana wokomoka, wolefuka kwambiri, wosanza chilichonse, wokana kuyamwa, wopuma movutika, woyera manja kapena wokodza mkodzo wakuda, afunika jakisoni wa artesunate ku chipatala. Wotereyu asamwetsedwe mokakamiza. Akatuluka, abwererenso pa tsiku limene a chipatala anena, pakuti magazi amatha kupitiriza kuchepa kwa milungu ingapo tizirombo titafa kale.

Nthenda ya sikoselo

Pali nthenda ina imene gwero lake lonse ndi kuuma kwa maselo. Dokotala James Herrick wa ku Chicago anaifotokoza mu 1910 ataona maselo opindika ngati chisikiro chomwetera udzu. Mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anaonetsa kuti cholakwika chili m'himogulobini yeniyeniyo. Himogulobini ya sikoselo ikapereka okosijeni wake imagwirana nkupanga timitengo tolimba m'kati mwa selo. Selo likabwerera msanga ku mapapo timitengoto timasungunuka, koma likachedwa m'njira limauma lidakali pothina, nkutseka mtsempha. Pamenepo ndi pamene mwana amalira ndi ululu wa m'mafupa, m'mimba kapena m'chifuwa. Maselo opindika kambirimbiri amadzauma osabwereranso, ndipo m'malo mwa masiku 120 amangokhala masiku 10 mpaka 20.

Madzi akachepa m'selo, himogulobini imathithikana ndipo timitengo timapangika msanga koposa. Choncho mwana wa sikoselo ayenera kumwa madzi ambiri tsiku lililonse, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala kapena akatsegula m'mimba. Afundidwe bwino m'nyengo yozizira, agone m'neti, ndipo thupi likangotentha apite naye ku chipatala. Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi kutupa kowawa kwa timanja ndi timapazi mwana atakwanitsa miyezi 6, pamodzi ndi kuyera manja kobwerezabwereza ndi chikasu m'maso. Nthendayi sichokera kwa mayi yekha, ndiponso siyochita kulodzedwa. Mwana amadwala pokhapokha walandira mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo onse awiri akakhala onyamula mbewuyo, iwo eni ali bwinobwino, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi kuti mwana abadwe ndi nthendayi. Mbewuyi yafala mu Afrika chifukwa wonyamula imodzi yokha amatetezekako ku malungo aakulu, monga Anthony Allison anaonetsera mu 1954, koma wodwala sikoselo yeniyeni malungo amamuika pa ngozi yaikulu. M'zipatala zina zazikulu muli mankhwala a hydroxyurea, amene amathandiza thupi kupanganso himogulobini ya mtundu umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, ndipo imeneyi imalepheretsa timitengo tija kugwirana.

Magazi operekedwa kwa ana a malungo ndi a sikoselo nawonso sakhala ofewa mpaka kalekale. Ngakhale asungidwe bwino m'firiji, maselo ake amanka nabulungira ndi kuuma pang'onopang'ono, kotero kuti pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi thumbalo silingaperekedwenso kwa wodwala. Bungwe loona za magazi la Malawi Blood Transfusion Service silingakundike magazi a chaka chonse monga mlimi amakundikira chimanga, ndipo limafuna opereka atsopano mwezi ndi mwezi, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene malungo achuluka ndipo ana a sukulu, amene amapereka magazi ambiri, ali pa tchuthi.